Tsiku Lozula

1. Khoma la ulusi

Kusukulu ankamutcha Kamvuluvulu, ndipo dzinalo linamukhala. Mtsikanayu ankayenda mothamanga, kulemba mothamanga, ngakhale kuyankha funso mphunzitsi asanamalize kufunsa. Chokwiyitsa n'chakuti nthawi zambiri ankakhoza.

Tchuthi chachikulu chitayamba, anamutenga kuti akaphunzire ntchito pa kaofesi kena kolemba mapulogalamu a kompyuta. Anamutenga pamodzi ndi mnyamata wa sukulu ina, wotchedwa Magalasi. Ameneyu akafuna kuyankhula ankayamba wavula magalasi ake, n'kupukuta, n'kuvalanso. Pomwe azitsegula pakamwa, Kamvuluvulu amakhala atayankha kalekale.

Tsiku loyamba lomwelo Abwana, eni ake ofesiyo, sanabise mawu.

"Ana inu, muli awiri koma mpando wotsala ndi umodzi. Tchuthi chikatha, mmodzi azibwera kuno akaweruka kusukulu mpaka adzapite ku koleji. Winayo tidzamuthokoza bwinobwino."

Ofesiyo inali pamwamba pa sitolo yogulitsa penti, moti aliyense ankafika m'mwambamo akutsokomola. Munali matebulo ochepa, ketulo yothyoka chogwirira, ndi fani imene inkapukusa mutu tsiku lonse ngati ikukana zonse zimene anthu akunena.

Koma chimene chinamuimitsa Kamvuluvulu pakhomo, munthu wosadziwa kuima, chinali khoma. Kuyambira pansi mpaka kudenga linali lodzaza ndi timakhadi tokhomedwa ndi mapini. Pa khadi lililonse pankachoka ulusi wofiira kupita ku makhadi ena, ndipo ulusiwo unapingasana mpaka penti ya khomalo osaonekanso.

"Zokongoletsa izi, Mayi?" anafunsa.

Amene anawafunsawo anali Mayi Anjiniya, mkulu wa ntchito zonse za muofesimo. Anali mayi wamfupi, wa imvi zongoyamba kumene, amene sizasi sinkachoka m'thumba la juzi yawo.

"Bwera pafupi," anatero. "Khadi ili ndi pulogalamu imene mwana wa sukulu amatsegula akafuna kuwerenga buku pa kompyuta. Tsata ulusi wake ndi chala."

Kamvuluvulu anatsata. Ulusiwo unamufikitsa pa khadi la pulogalamu yojambula zilembo. Pamenepo unagawikana, wina kupita ku yotsegula mafayilo, wina ku yosakaniza mitundu. Anawerama, anaimirira, anakwera pampando, koma ulusi unali kupitirirabe.

"Khadi lililonse ndi paketi," anatero Mayi Anjiniya. "Paketi ndi kapulogalamu kolongedzedwa bwino, kogwira ntchito imodzi. Ulusi ukutanthauza kuti, ine sindingagwire ntchito popanda uyu. Anazilemba anthu osiyanasiyana, m'maiko osiyanasiyana. Ambiri sanaonanepo, ena anamwalira. Koma mwana akangodina batani, onsewa amadzuka nthawi imodzi, aliyense n'kugwira mbali yake."

Mtsikanayo anatsika pampando pang'onopang'ono. Anali atawerengapo mabuku ambiri pa kompyuta, koma sankadziwa kuti pansi pa tsamba limodzi pamakhala khamu lotere. Anachita mantha, ndipo anasangalala.

2. Chimtolo

Ntchito ya tchuthi chimenecho inali iyi. Masukulu ambiri anali ndi makompyuta, koma aphunzitsi ankaikamo mapulogalamu pamanja, imodziimodzi. Akaiwala paketi imodzi, zonse zinkauma. Ofesiyo inkafuna kupanga pulogalamu yoti izichita zimenezi yokha: mphunzitsi angotchula chimene akufuna, iyo ikatenge mapaketi onse ofunika m'nkhokwe ya ofesi kudzera pa intaneti, n'kuwaika m'malo mwake. Anaitcha Mtengatenga.

"Kukatenga ndi kuika sikovuta," anatero Mayi Anjiniya. "Chovuta ndi kusankha. Paketi ina imafuna chojambula zilembo chakale, ina imafuna chatsopano. Ukaziika pamodzi mosaganiza zimayambana. Zili ngati kukhazika achibale osamwerana madzi m'chipinda chimodzi. Uyenera kudziwa woti akhale pafupi ndi ndani."

Abwana anawonjezera kuti mbali yosankhayo ndi imene idzafune munthu woisamalira tsiku ndi tsiku, chifukwa mapaketi atsopano sasiya kubwera. Choncho amene chosankha chake chidzapite m'masukulu, mpando ndi wake.

Kamvuluvulu sanadikire kuti amve kawiri. Anakhala pa kompyuta, zala zikulira pa mabatani ngati mvula padenga. Magalasi akadali kujambula timizere papepala, iye anali atalemba Mtengatenga yense: chokatenga, chosankha, choika, zonse m'fayilo imodzi yaitali. Ndipo chinkagwira ntchito, chinkathamanga ngati mwini wake.

Abwana ataona anaomba m'manja. "Basi, tamaliza. Chipite m'masukulu chimenechi."

Mayi Anjiniya sanaombe. Anamupatsa makhadi ndi mapini.

"Kakhome ntchito yako pakhoma. Ikwana makhadi angati?"

"Limodzi, Mayi."

"Ndimaganiza choncho. Khala pansi."

Anakoka mpando, n'kuyamba kuyankhula mosathamanga.

"Mwana wanga, ntchito yako ili ndi liwiro, sindikukana. Koma ikuthamanga chifukwa mbali iliyonse ikupisa dzanja m'thumba mwa inzake. Chokatenga chikudziwa zamkati mwa chosankha, chosankha chikugwiragwira zamkati mwa choika. Ndi chimtolo chimodzi chomangidwa ndi mfundo zimene ukuzidziwa iwe wekha. Lero zikuoneka zanzeru. Mawa sukulu ina idzati, ife intaneti tilibe, tikufuna kutenga mapaketi pa fulashi. Udzafuna kusintha chokatenga chokha, koma ukachikoka, zonse zidzabwera nacho.

"Ine ndinagwirapo ntchito pamalo pamene panali pulogalamu yotere. Tinkaidutsa patali. Wolemba wake akadwala chimfine, ofesi yonse inkadwala. Munthuyo ankaoneka wofunika, koma sanapitepo kutchuthi, sanaphunzirepo china chatsopano, anakalambira pa fayilo imodzi.

"Pulogalamu yabwino amaigawa m'zigawo. Chigawo chilichonse chimakhala ndi khomo limodzi, ndipo pakhomopo pamalembedwa poyera kuti, ndipatseni chakuti, ndikubwezerani chakuti. Zamkati ndi zake. Ukatero, munthu amene sunamuonepo akhoza kupanga chigawo chabwino kuposa chako, n'kuchilowetsa pakhomo lomwelo."

"Ndiye changacho chipite kuti?" anafunsa Kamvuluvulu.

"Chikhala m'nkhokwe, pambali. Sitifufuta kanthu kuno."

Mtsikanayo anayang'ana pansi. Yankho limeneli silinamukomere ngakhale pang'ono.

"Kuno tili ndi kachitidwe kathu," anapitiriza Mayi Anjiniya. "Ntchito isanatuluke timachita tsiku lozula. Timazula chigawo chimodzi pulogalamu ikugwira ntchito, n'kuikapo china, tione ngati zotsalazo ziima. Chakochi sichingazulidwe. Abwana akhutira nacho, ndipo ine sindidula ntchito ya munthu ndi sizasi yanga. Ukachisiya chonchi chipita, mpando n'kukhala wako. Zili kwa iwe."

3. Mfundo ya Magalasi

Masana a tsiku lotsatira, akuluakulu atapita kukadya, Magalasi anamukodola.

"Aise, tabwera uone kenakake. Osati zoti ndikukunyoza ayi."

"Ukayamba choncho ndiye kuti ukundinyoza," anatero Kamvuluvulu, koma anapita.

Magalasi anali atapeka sukulu yovuta. Sukuluyo inkafuna pulogalamu ya mapu, ya nyimbo ndi ya masamu pa kompyuta imodzi, ndipo mapaketi ake ankakanana mochititsa manyazi. Anapereka pempho limeneli kwa chimtolo cha Kamvuluvulu. Chinayankha nthawi yomweyo kuti sizingatheke.

"Waona? Sizingatheke," anatero mwini wake.

Kenako Magalasi anapereka pempho lomwelo kwa chosankha chake, chimene anakhala akuchilemba mwakachetechete. Pa sikirini panaoneka timizere tikuyenda. Chinasankha paketi, n'kupita patsogolo, n'kugunda khoma. M'malo mogonja chinabwerera m'mbuyo, n'kusiya paketi ija, n'kutenga yakale pang'ono, n'kuyesanso njira ina. Chinkakumbukira paliponse pamene chagundapo, osabwererapo kachiwiri.

Kamvuluvulu anasendera pafupi ndi sikirini. Zinali ngati kuonerera munthu woleza mtima akumasula ulusi wopiringizika, osadula ngakhale pamodzi. Patapita kanthawi timizere tonse tinakhala phee, tobiriwira. Njira inalipo.

"Wachita bwanji zimenezi?" anafunsa ndi mawu apansi.

Magalasi anavula magalasi, n'kupukuta, n'kuvala. Ulendo uno mtsikanayo anadikira.

"Chako chikagunda chimaima. Changa chimafunsa kuti ndalakwira pati."

"N'chokongola," anatero Kamvuluvulu. Mawuwo anatuluka okha, asanawaloleze.

"Koma chilibe polowera," anatero Magalasi. "Mtengatenga wako alibe khomo. Chizingokhala muno mu laputopu." Sanapemphe kanthu. Anangotseka laputopuyo n'kupita kukathira madzi mu ketulo.

4. Mawu a bambo

Bambo ake a Kamvuluvulu ankasoka mabuku othothoka pakhonde la nyumba yawo. Anthu ankabwera ndi mabuku a sukulu, a nyimbo, ngakhale a zithunzi za ukwati, iwo n'kuwabwezera msana. Kale ankagwira ntchito pa kampani yosindikiza mabuku. Mmene anachokera kumeneko sankakonda kufotokoza.

Madzulo amenewo dzuwa lisanalowe, mwana wawo anakhala pambali pawo n'kuwauza zonse. Anamvetsera singano ili m'manja. Atatha, anaibaya pansalu ya pabondo.

"Mayi Anjiniya akowo ayankhula bwino," anatero. "Koma iwo mpando ali nawo kale. Tsopano umve za ine bambo ako.

"Pa kampani paja panali makina amodzi ovuta, opinda mapepala. Amene ankawadziwa ndinali ine ndekha. Ndinkamva ndi khutu kuti lero adwala pati. Tsiku lina anandibweretsera mnyamata kuti ndimuphunzitse. Ndinamuphunzitsa ndi mtima wonse, osabisa ngakhale kanthu kamodzi. Ndinamuonetsa pomenya, pothira mafuta, pomangitsa. Chaka chisanathe anandiitana mu ofesi, n'kundipatsa mpando wofewa kwambiri, n'kundiuza kuti akundithokoza. Mawu amenewo ndimawamvabe.

"Mwanawe, dziko silikumbukira amene anatsegula chitseko. Limaona amene ali m'katimo. Ukakhala ndi kanthu kamene ukukadziwa wekha, kagwire. Sikuba kumeneko. Sunanamize munthu. Ntchito waigwira ndi mutu wako, Abwana aikonda, ndiye ukufunanso chiyani? Mnyamatayo ali ndi makolo ake omudandaulira. Iwe uli ndi ine, ndipo ine ndilibe koti ndingakakugogodere. Khomo lako ndi limenelo. Usalitsegulire wina n'kutsala panja."

"Koma chakecho n'chabwino kuposa changa, bambo."

"Nayenso mnyamata uja makina ankawayendetsa bwino kuposa ine," anatero bambowo. "Sizinandithandize."

Anatenganso singano. Kamvuluvulu anawayang'ana zala, zakuda ndi guluu, ndipo anawamvera chisoni kwambiri. Sananame bambo akewo. Nawonso Mayi Anjiniya sananame, ndipo pamenepo ndi pamene panali povuta.

5. Sizasi

M'mawa mwake Kamvuluvulu anafika ku ofesi anthu akusesa kumene m'sitolo ya penti. Anawapeza Mayi Anjiniya okha, akumwa tiyi ataimirira.

Anapita pakhoma. Khadi lake linali pakona, lalikulu kuposa onse, lopanda ulusi wolowa kapena wotuluka. Makhadi ena onse anali ogwirana. Anaimapo nthawi yaitali, zimene aliyense womudziwa sakanakhulupirira.

"Mayi, anthu onse awa analemba mapaketiwa, sankaopa kuti wina adzapanga chabwino n'kuwachotsa?"

"Ankaopa."

"Ndiye anachotsedwadi?"

"Ena anachotsedwa. Ukasuzumira kuseri kwa makhadiwo uona timabowo ta mapini akale. Sindikunamiza kuti ukagawa ntchito yako udzatsala. Mwina sudzatsala. Chimene ndikudziwa n'chakuti khoma ili lilipo chifukwa anthu amenewo anasiya makomo otsegula, akuopa choncho."

Kamvuluvulu anasuzumira. Timabowo tinalipodi, tambirimbiri. Anaganiza za sukulu yopeka ija, ya mapu ndi nyimbo ndi masamu. Tsiku lina idzakhala sukulu yeniyeni, ya ana enieni, ndipo chimtolo chake chidzawauza kuti sizingatheke pamene njira ilipo.

Anatambasula dzanja. "Ndibwerekeni sizasi."

Anazula khadi lake, n'kulidula zidutswa. Pa china analemba kuti Chokatenga, pa china Chosankha, pa china Choika. Anakhoma zonse n'kuzilumikiza ndi ulusi wofiira. Pini imodzi inamubaya chala.

Kudula khadi kunali kosavuta. Kudula pulogalamu yeniyeni kunamutengera masiku onse otsala. Anayenera kusaka paliponse pamene mbali ina inkapisa m'thumba mwa inzake, n'kuchotsa dzanjalo. Zinthu zimene zinkagwira ntchito dzulo zinkafa lero. Abwana ankadutsa akung'ung'udza kuti akukonza chinthu chosawonongeka.

Chimene chinamuvuta koposa ndi kulemba za pakhomo lililonse. Analemba koyamba, n'kupatsa Magalasi kuti awerenge.

"Apa ukuti ndikubwezere mayina a mapaketi. Nanga njira ikasowa, ndibweze chiyani?"

"Si zodziwikiratu zimenezo?"

"Kwa iwe. Munthu wakutali sadzakhala ndi iwe pambali kuti akufunse."

Analembanso, kenako analembanso. Mtsikana amene ankamaliza mayeso anzake akadali pa tsamba loyamba anathera masana onse pa ziganizo zochepa, ndipo sanadandaule kwambiri.

6. Kuzula

Tsiku lozula linafika tchuthi chili pafupi kutha. M'chipinda cha kumbuyo anandandalika makompyuta akale ndi atsopano, kuyerekeza masukulu osiyanasiyana. Aliyense wa muofesimo anabwera, ngakhale wogulitsa penti anakwera kudzasuzumira.

Mayi Anjiniya anayatsa Mtengatenga. Masikirini onse anawala, mapaketi n'kuyamba kutsika.

"Tiyambe ndi chokatenga," anatero. Anasolola waya wa intaneti pakhoma. Anazula chokatenga cha Kamvuluvulu, n'kuikapo china chotenga mapaketi pa fulashi, chimene anachilemba okha m'mawa womwewo pongowerenga za pakhomo.

Masikirini onse anaima. Kenako sikirini yoyamba inayambiranso kuyenda, yachiwiri, mpaka mzere wonse. Chosankha ndi choika sizinadziwe n'komwe kuti mnzawo wasintha.

Kamvuluvulu anagwira pakamwa. Ndi iye amene analemba za pakhomopo, koma kuona ndi maso chinthu cha munthu wina chikulowa m'ntchito yake, n'kukhala ngati chinabadwira momwemo, kunamudabwitsa kuposa chilichonse chimene anaonapo. Misozi inalengeza.

"Zamatsenga izi," anatero wogulitsa penti.

"Ayi, ndi makomo olembedwa bwino," anatero Mayi Anjiniya. "Tsopano chosankha. Tipereka pempho lovuta lija kwa zonse ziwiri. Mwini ntchito ndi amene amazula."

Anamusunthira mpando. Chosankha cha Kamvuluvulu chinayesa, ndipo monga ankadziwira kale, chinati sizingatheke. Mtsikanayo anaika zala pa mabatani. Lamulo lake linali lalifupi: zula chosankha ichi, ika icho. Analilemba mosathamanga, n'kudina.

Timizere ta Magalasi tinayamba kuyenda pa masikirini onse nthawi imodzi, kupita patsogolo, kubwerera, kuyesanso. Kenako mzere wonse unabiriwira, kuyambira pakhomo mpaka pawindo. Pa kompyuta ina panatseguka mapu, pa ina panalira nyimbo. Anthu anaomba m'manja, nayenso anaomba, chifukwa zinali zokongoladi.

Abwana anakanda m'mutu. "Mawu ndinanena kale, sindingawabweze. Chosankha chopita m'masukulu ndi cha mnyamatayu." Anatembenukira kwa Kamvuluvulu. "Iwe mwana, tikukuthokoza kwambiri."

Magalasi anayang'ana pansi ngati waba. Mayi Anjiniya anamuperekeza mtsikanayo mpaka pamasitepe, n'kumugwira phewa.

"Sindikuuza kuti sizikupweteka," anatero. "Koma chimene wamanga lero ine ndinachiphunzira ndili ndi ana kale."

Kunyumba anawapeza bambo ake pakhonde. Anangomuyang'ana nkhope, n'kudziwa. Anthu ambiri pamenepo akanati ndinakuuza. Iwo anasuntha mabuku pabenchi kuti akhale.

"Zimapweteka, eti?"

"Zimapweteka, bambo."

Anamupatsa ulusi kuti awalowetsere pa singano, poti maso awo anali atayamba kuvuta.

7. Uthenga wochokera kutali

Sukulu inatsegulidwa. Kamvuluvulu akaweruka ankabwerera kunyumba molunjika, ndipo msewu wa sitolo ya penti ankauzemba.

Loweruka lina m'mawa, akuthandiza bambo ake kupaka guluu, anaona Magalasi akulowa pageti, chikwama kumsana, thukuta kamukamu. Anapereka moni kwa bambowo mwaulemu, n'kutulutsa laputopu.

"Pepani bambo, ndabwera mosayembekezeka. Aise, taona izi."

Pa sikirini panali chithunzi cha nkhokwe ya Mtengatenga, makhadi ndi ulusi ngati pakhoma paja. Koma makhadi anali atachuluka. Panali zigawo zimene sanalembe iye, Magalasi, ngakhale Mayi Anjiniya.

"Izi zachokera kuti?"

"Kwa anthu akunja, poti nkhokwe ndi yotseguka kwa aliyense. Sitikuwadziwa. Akungowerenga za pakhomo zimene unalemba, n'kupanga zawo. Ichi n'cha mphunzitsi wina, chimatenga mapaketi kudzera pa foni. Ichi n'cha ana a sukulu ina ya osaona, kutali kwambiri. Chimawerenga mokweza zimene zikuchitika pa sikirini."

Anadina, ndipo mu laputopumo munatuluka mawu odekha akutchula mayina a mapaketi. Bambo aja anasiya kusoka n'kusendera pafupi. Kamvuluvulu anayang'anitsitsa makhadi achilendowo. Anthu amene sanamuonepo, amene sakudziwa nkhope yake, anali atalowa pa makomo ake.

"Tsata ulusi wa ana osaonawo," anatero Magalasi.

Anatsata ndi chala pa sikirini. Ulusiwo sunapite ku chosankha cha Magalasi. Unakhotera pambali, ku khadi limene linali lokha pakona ya nkhokwe.

"Makompyuta awo ndi akale kwambiri," anatero mnyamatayo. "Changa chimafuna mphamvu zambiri, chimawaumitsa. Ndiye anachizula n'kuikapo chako, poti n'chopepuka. Chakhala chikuwagwirira ntchito. Koma dzulo chagunda penapake, ndipo makompyuta onse a pasukulupo aima. Mayeso awo akuyamba Lolemba, ndipo amalembera pomwepo. Ine ndayesa, zamkati mwake sindikuzimvetsa. Mayi Anjiniya ali paulendo, foni yawo sikupezeka."

"Abwana akuti chiyani?"

Magalasi anapukuta thukuta pachipumi. "Akuti chigawo chimene ofesi inachiika pambali si nkhani ya ofesi. Laputopuyi ndaitulutsa iwo asakudziwa. Akafika n'kuona kuti palibe, sindikudziwa ngati mpando uja ndiupezanso."

Pansi pa sikirini panali uthenga wochokera kusukuluko, waufupi, wolembedwa ndi mwana pa foni. Kamvuluvulu anauwerenga chamumtima, kenako mokweza, kuti bambo ake amve.

"Tikudalira chosankha ichi. Sitikudziwa amene anachilemba. Kodi mwini wake alipo?"

Anayang'ana bambo ake. Iwo anayang'ana uthengawo nthawi yaitali, ngakhale zilembo zake sankaziona bwino. Kenako anachotsa mabuku onse patebulo lawo losokera, n'kulipukuta ndi mkono wa malaya, n'kulikankhira kwa mwana wawo.

"Akufunsa iwe," anatero. "Usawadikiritse."

Kamvuluvulu anaika laputopu patebulopo. Foni ya Magalasi inayamba kulira m'thumba, ndipo onse anadziwa kuti akuimba ndi Abwana. Mtsikanayo anapukuta guluu kuzala, n'kulemba mawu amodzi.

"Ndilipo."